Mano pa Chikopa

Chikwama chija mkazi wanga anandigulira ku Chipata, chaka choyamba cha ukwati wathu. Chinali cha chikopa cha ng'ombe, chofiirira, chokhuthala, chopinda pakati, chosokedwa ndi ulusi wolimba m'mbali monse. Kuchigwa kumene tinkakhala ng'ombe sizikhala chifukwa cha ntchentche za kashembe, ndiye fungo la chikopa chofufuta linali lachilendo m'nyumba mwathu. Iye ankachinunkhiza kaye asanandipatse, n'kunena kuti tsopano ndayamba kuoneka ngati munthu wa pa ntchito. Ndinali mphunzitsi wongotuluka kumene ku koleji, pa sukulu ina ya kumbali ya Msoro. Iye ankachapa ndi kusita pa loji ina ku Mfuwe nyengo ya alendo, mvula ikagwa n'kubwerera kwawo ku Nsefu kukalima thonje ndi amayi ake.

Iyeyo analibe chikwama. Anali ndi kathumba kakuda kopyapyala ngati tsamba, kolowa makadi awiri basi, kamene mzungu wina wamkazi anamusiyira pochoka pa loji. Ankasungamo reji yake, chitupa chobiriwira cha boma chija chokhala ndi chithunzi, ndipo ankakamanga pa mfundo ya chitenje. Tinkasekana nazo zinthu ziwirizi. Ine ndinkati kake ndi ka munthu wovomereza umphawi. Iye ankati changa n'chachikulu ngati nkhokwe ya chaka cha njala. Chithunzi cha pa rejiyo ndicho chokhacho chimene anajambulitsapo. Wojambula amene anabwera pa ukwati wathu anatenga filimu kukatsukitsa ku tauni, ndipo sitinamuonenso.

Ndinali mkamwini. Nyumba yathu ndinaimanga pamudzi pawo, ndipo mwini mbumba pamenepo anali mlongo wake wamkulu, mlamu wanga. Munthuyu ankagulitsa nsomba zouma, nthawi zina nyama ya m'misampha ya waya, ndipo ankavala kapu ya loji imene sanagwirepo ntchito. Sankandikonda. Ndinali wa kumtunda, wolankhula Chikunda chopotoka, ndiponso ndinali ndi koleji. Zitatuzi ankazitchula pamodzi akaledzera.

Mkazi wanga atakhala ndi pakati, anakadikirira kwa amayi ake, monga amachitira a mimba yoyamba. Uthenga unandipeza m'kalasi mwezi wa Okutobala, kudzera kwa wogulitsa nsomba wa pa njinga. Ndinapalasa dzuwa lonse lija. Nditafika ndinapeza kuti wakhala akuvutika kuyambira dzulo lake, azimayi atadzaza m'nyumba, amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango.

Kumeneko amakhulupirira kuti mwana akakana kubadwa, ndiye kuti mwamuna anayenda ndi akazi ena mkazi wake ali ndi pakati. Mankhwala ake ndi amodzi: mwamunayo atchule mayina, mwana atuluke. Ndinali nditamvapo zimenezi. Sindinkadziwa kuti zingatsekere munthu njira ya ku chipatala.

Mlamu wanga anandikhazika pa kampando asanandipatse ndi madzi omwe.

"Alamu, tchulani. Njira mwaitseka ndinu."

Ndinati palibe woti nditchule, ndipo ndinapempha kuti timunyamule. Iye anaseka, n'kufunsa amuna anzake ngati anamvapo za mphunzitsi wogona yekha miyezi yathunthu pamudzi pa azimayi ophika mowa. Anati palibe amene atuluke m'nyumba ija ndisanaulule. Kenako anapisa dzanja m'thumba langa lakumbuyo, n'kutulutsa chikwama, n'kuchikutumulira pafumbi kufunafuna chithunzi cha mkazi. Munagwa reji yanga, tikiti yakale ya basi, ndi singano imene ndinkasokera mabatani. Ndinazitola chimodzichimodzi anthu akundiyang'ana. M'nyumba muja mkazi wanga sankakuwa. Ankangobuula, ndipo kubuulako kunkachepa.

Ndinatenga njinga n'kuthamangira ku msewu. Ndinaimitsa galimoto ya loji yochokera ku bwalo la ndege, yopanda denga, ya mipando yokwera. Dalaivala ankamudziwa mkazi wanga, ndipo sanafunse zambiri. Titafika pamudzi, apongozi anga aakazi, amene chikwatire anali asanandilankhulepo maso ndi maso, anatuluka pakhomo n'kunena m'Chikunda kuti mutengeni. Mlamu wanga ataona kuti zapita, anakwera kutsogolo, pafupi ndi dalaivala, chigongono pa chitseko. Ine ndinakhala pansi kumbuyo, pakati pa mipando, mutu wa mkazi wanga uli pamiyendo panga.

Msewu wa kumeneko ndi wa dothi lakuda. Njovu zimauponda nthawi ya mvula, ndipo ukauma umatsala maenje okhaokha olimba ngati mwala. Pa dzenje lililonse ankaluma mlomo, mpaka magazi anatsikira pachibwano. Atayamba kuluma dzanja lake, ndinatulutsa chikwama n'kumuika pakati pa mano. Analuma. Maso ake anali pa ine njira yonse. Tisanafike ku chipatala, chikwamacho chinagwa chokha. Namwino anatuluka, anamugwira pakhosi, n'kumufunda chitenje. Mwana anapita naye limodzi.

Pa maliro mlamu wanga anaima pakati pa amuna n'kunena kuti ndapha mlongo wake ndi thupi langa. Chikwama anali atachitola m'galimoto, ndipo anati achisunga ngati chikole mpaka mlandu utakhala. Mlanduwo sunakhale, chifukwa panalibe dzina la mkazi loti aikepo. Koma mawu aja anayenda. Anandipeza mpaka ku Msoro, kumene azimayi pa mjigo ankasiya kucheza ndikamadutsa.

Mwambo unkafuna kuti ndikhale wosameta mpaka atandisudzula, kutanthauza kundimasula pamudzi pawo, ndipo zimenezo zimadikira kukolola, mapira a mowa atapezeka. Ndinabwerera ku sukulu ndi tsitsi lomakula. Ndinkaphunzitsa, kuchonga makope, kugona. Sindinalire pamaso pa munthu. Chimene chinkandiopsa chinali china: nkhope yake inayamba kundithawa. Mawu ake ndinkawamva, kayendedwe kake ndinkakaona, koma ndikatseka maso kuti ndimuone, inkabwera nkhope ya m'galimoto yokha. Kathumba ka reji ndinkaganiza kuti anakaika naye m'manda, pakuti kankakhala pa chitenje chake nthawi zonse.

Kumapeto kwa mwezi ndinkadutsa pa mashopu a ku Mfuwe, ndipo mlamu wanga sankasowa pamenepo. Chikwama changa chinali m'thumba lake lakumbuyo, atachidzaza zidutswa za nyuzipepala kuti chitupe. Ankachitulutsa pang'onopang'ono, ngakhale pogula ndudu imodzi.

"Mwaswera bwanji, alamu," ankatero, akusisita thumba.

Tsiku lina ndinamupeza akuonetsa anzake ngodya ya chikwamacho, pamene chikopa chinabowokabowoka. Ankawauza kuti ndi makoswe a ku Msoro, amene anachitafuna ndi ukali atapeza kuti mwa mphunzitsi mulibe kanthu. Anthu anaseka. Ine ndinaima ndi njinga yanga, n'kuzindikira kuti munthuyu sakudziwa. Anali kutsogolo tsiku lija ndipo sanacheuke ngakhale kamodzi. Sindinamuuze. Ndinakwera njinga.

Miyezi imeneyo ndinkaganiza za iye kuposa za wakufayo. Ndinkadziwa kumene amatchera misampha, ndiponso nkhokwe imene amabisamo nyama. Tsiku lina ndinafika mpaka pa chipata cha kampu ya masikauti oteteza nyama kuti ndikamuneneze, n'kuima. Sichinali chifundo chimene chinandibweza. Ndinaona m'maganizo amayi ake akumunyamulira chakudya ku ndende, mudzi wonse ukumumvera chisoni, iye n'kudzatuluka ngati ngwazi imene mkamwini woipa anaigulitsa. Thonje litayamba kuunjikidwa pa thandala, ndinaganizanso zolitentha ndi macheso. Koma theka la thonjelo linali la apongozi, ndipo iwo ndi amene anati mutengeni.

Pamapeto ndinasankha chaching'ono. Ndinagula lezala latsopano. Ndinati tsiku londisudzula ndidzaitanitsa chikwama changa pamaso pa onse, ndipo akadzandipatsa ndidzachicheka timizeretimizere iye akuona, n'kumuponyera pamapazi. Chinthu chimene ankanyadira kuposa zonse chinali chimenecho. Usiku ndi usana ndinkachicheka m'mutu, kuyambira pa msoko.

Anandiitana mwezi wa Julaye, kukuwomba kamphepo kafumbi. Ndinapita ndi amalume anga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anandimeta m'mawa kuseri kwa nyumba, mutu n'kuzizira ngati si wanga. Kenako anayala mphasa pabwalo n'kutulutsa katundu wa malemu: zitenje, madiresi, nsapato za ku tchalitchi, mapoto, ayironi ya makala. Anawaza zonsezo madzi a mankhwala.

Wogawa anali amayi ake aang'ono a mkazi wanga, mzimayi wowamba nsomba, wa mawu okakala, amene sankaopa mwamuna aliyense pamudzipo. Asanayambe anakumbutsa anthu lamulo la pamphasa. Chimene wapatsidwa pamenepo sukana, sugulitsa, sutaya, supatsa wina. Chimathera m'manja mwako, chifukwa wochikana wakana mwini wake. Onse anavomera. Katundu anayamba kuyenda, diresi kwa uyu, poto kwa uyo, aliyense akulandira ndi manja awiri.

Mphasa itatsala pang'ono kuyera, amalume anafunsa za chikwama. Mlamu wanga anati chinagulidwa ndi thukuta la mlongo wake, choncho ndi cha mbumba, ndipo mkamwini amachoka ndi zimene anabwera nazo. Amalume anati mphatso ikaperekedwa sibwerera kwa wogula. Anakokanakokana mpaka amayi aang'ono aja anatopa nazo.

"Tulutsa, chiike apa. Ndi zinyuzipepala zakozo uchotsemo, si za malemu."

Ena anaseka chamumtima. Iye anachikhuthula n'kuchiponya pamphasa. Ndinagwira thumba la shati, lezala linalimo.

Pamenepo mayiwo anamasula kamtolo kotsiriza, n'kutulutsa kathumba kakuda kaja. Apongozi anali atakachotsa pa chitenje posambitsa thupi. Mayiwo anasolola khadi pang'ono kuti aone chimene chilimo, ndipo ndinaona chipumi ndi maso. Anakabwezera, n'kukaika pambali pa chikwama.

"Bambo, munatisungira mwana, sitikuchotsani manja lende. Sankhanipo chimodzi. Chotsalacho mupatse amene mukufuna mwa ife, ndi dzanja lanu, mlandu wa chikwamawu uthere pompano."

Mlamu wanga anati aphunzitsi atenge kakang'onoko, n'kokwanira choko.

Ndinayang'ana zinthu ziwirizo. Ndikatenga chikwama, kathumbako kapita kwa apongozi, kakalowa m'chitini pansi pa bedi, kumene chiswe ndi madzi osefukira zimafika chaka chilichonse, ndipo ine wosudzulidwa sindidzalowanso m'nyumba imeneyo. Kucheka chikopa n'kwa kanthawi. Likamalowa dzuwa iye adzakhala akusimba pa mowa za mphunzitsi wopenga. Koma ndikatenga kathumba, chikwama chibwerera m'thumba lake lakumbuyo, ndipo adzapitiriza kumukhalira mlongo wake pa mabenchi a ku Mfuwe. Zonse ziwiri zinkandiwawa mofanana.

Ndinatola chikwama. Ndinamva amalume akupuma momasuka, ndipo nkhope ya mlamu wanga inagwa. Ndinachitembenuza padzuwa. Chinali chitada ndi thukuta lake, chitapindika potsata thako lake, koma pa ngodya paja zinalipo zonse: mzere wa mano a m'mwamba mbali iyi, mzere wa m'munsi mbali inayo. Mkazi wanga anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, wotengera kwa amayi ake. Pachikopapo mpatawo unatsala ngati kamzere kotukuka kosalumidwa, pakati pa maenje awiri akuya.

Mkamwini sayandikira apongozi ake. Ndinapempha amayi aang'ono kuti awapititsire, awaonetse pa ngodyapo.

"Awa si makoswe," ndinatero. "M'galimoto muja anayamba kudziluma dzanja. Ndinamupatsa ichi. Anachigwira ndi mano mpaka pamene anatisiya."

Apongozi anachilandira, n'kuchiyandikitsa ku maso. Anayendetsa chala pa maenjewo, chala n'kuima pa kamzere kaja. Kenako anagwira mano awo omwe. Sanalire mokweza. Azimayi amene anali pafupi anasuzumira, mmodzi n'kudzifunda chitenje kumutu.

Chitabwerera kwa ine, ndinadzuka, ndinapita pamene mlamu wanga anakhala, n'kugwada monga mwambo ufunira. Ndinachitambasula ndi manja awiri.

"Alamu, tsiku lija munakhala kutsogolo, simunaone. Landirani. Muziyenda naye mlongo wanu."

Manja ake anali kumbuyo. Munthu amene anakhulupirira kuti mayina a akazi angatseke njira ya mwana sangalephere kukhulupirira kuti mano a wofa ndi ululu amalumabe. Miyezi yonse ija anali atachikhalira, kuchiseka, kugona nacho pamutu. Ndinaona zonsezo zikumufika chimodzichimodzi. Anayamba kunena kuti iye sakuchifunanso, chipite kwa amayi, kapena achikwirire ku manda.

"Pamphasa sakana," anatero amayi aang'ono. "Unavomera wekha m'mawa uno."

Anayang'ana kwa amuna anzake, aja anakhala naye pansi pa mango, koma aliyense anali akuyang'ana zala zake za kumapazi. Ine ndinagwadabe. Maondo ankawawa ndipo ndikanatha kukhala choncho mpaka mawa.

"Landira," anatero apongozi. "Ndipo ndizichiona."

Anachitenga ndi nsonga za zala, mbali yopanda mano. Ndinaomba m'manja mwaulemu, ndinabwerera pamphasa, n'kutola kathumba kanga. Mowa sindinamwe. Amalume anamwa wa tonse awiri, ndipo tinachoka dzuwa lisanapendeke.

Zotsatira ndinkazimva kwa wogulitsa nsomba uja. Akuti mlamu wanga anayesa kuchisomeka pa denga, koma amayi ake amachiitanitsa akangomuona, kuti agwire mano a mwana wawo, ndipo amafuna achitulutse m'thumba, osati akachitenge kwina. Akuti anapita nacho kwa sing'anga, sing'anga n'kumuuza kuti cha pamphasa sachichotsa. M'thumba lakumbuyo sachiikanso. Amachikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuchiika m'thumba la jekete, ndipo jeketeyo amavala ngakhale mu Okutobala.

Ndinakumana naye kamodzi ndisanasamutsidwe kupita kumtunda. Anali pa mashopu paja, akulipira ndudu ndi ndalama yochokera mu sokosi. Atandiona anafuna kuwoloka msewu. Ndinatsika njinga n'kumudikira.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

Ndinkayang'ana pa jekete. Anayankha kuti waswera, dzanja lake n'kupita lokha pa thumbapo.

A ku tchalitchi anandiyendera kangapo kudzandiuza za kukhululuka. Ndinawalandira bwino, ndinawapatsa mipando. Lezala lija ndinasongolera mapensulo a ana mpaka linabuntha.

Kathumbako kamakhala m'thumba la shati, ndipo n'kopyapyala moti palibe amadziwa kuti kalimo. Malo a khadi lachiwiri ndinaikamo reji yanga. Chikwama china sindinagule. Pa chithunzicho ndi wamng'ono kuposa mmene ndinamudziwira, tsitsi lalifupi, chidindo cha boma chitadutsa pa tsaya. Wojambula wa boma salola kumwetulira, ndiye anatseka pakamwa, ndipo mpata uja suoneka. Nkhope ndili nayo ine. Mano ali ndi mlamu wanga, ndipo akhale nawo.